Pepala limene ndinkalisunga m'Baibulo

Ndine msungichuma wa kagulu kathu ku Chilobwe, kamene kamayendera odwala m'makomo ndi kuphikira ana phala ku mkombaphala. Tonse timagwira mongodzipereka, palibe wolandira malipiro. Chuma chathu chachikulu chinali njinga yamoto imene anatipatsa akufuna kwabwino. Chaka chilichonse ndinkakalipira inshuwalansi yake, pepalalo n'kulipinda bwinobwino, kuliika m'Baibulo pa Masalimo. Sindinaliwerengepo. Ndinkangodziwa kuti apolisi apamsewu akaona kachikwangwani kake amatisiya tidutse.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba, njinga ija sinapumenso. Inkanyamula ufa ndi mabulangete kupita kumisasa ya m'masukulu. Woyendetsa anali mnyamata wathu wina, mmisiri womanga nyumba, yemwe ankadyetsa amayi ake ndi azichemwali ake awiri. Tsiku lina madzulo, thumba la ufa lili kumbuyo, anatsetsereka pamalo pamene madzi anadya msewu. Fupa la ntchafu linathyoka. Helemeti anali ataisiya kunyumba kwanga, pamsomali.

Mawa lake ndinanyamula pepala langa ulendo wa m'tauni, mtima uli m'malo. Bambo amene ndinam'peza muofesi ya inshuwalansi analiyang'ana kamodzi kokha.

"Amayi, iyi ndi third party. Imalipira munthu amene mwamugunda, kapena katundu wake. Woyendetsa ayi, njinganso ayi."

Kenako anafunsa ngati mnyamatayo ali ndi laisensi. Ndinangoti kukamwa yasa. Analibe, ndipo amene ndinkamupatsa makiyi ndinali ine.

Chimene chinandidula mawondo si mawu a muofesi aja. Ndi amayi ake a mnyamatayo, amene anabwera kudzakhala pakhonde panga, chitenje chanyowa ndi mvula. Sanakalipe. Anangoti, "Achemwali, mwana uja munam'bwereka ali wamphumphu. Nanga ife tidya chiyani?" Pamsonkhano zinafika poipa. Ena ankanong'onezana kuti ndalama za inshuwalansi ndinkadya, achinyamata atatu anasiya kubwera, ndipo ine ndinaleka kupita kumsika masana poopa maso a anthu. Ndinapemphera kwambiri masiku amenewo, koma ndisaname, mapemphero ena anali ongopempha kuti nkhaniyi iiwalike.

Sinaiwalike. Amfumu anaitanitsa bwalo, ndipo ndinaimirira n'kuvomera kuti ndinkalipira chinthu chomwe sindinkachidziwa. Ndinatulutsa malisiti onse, amfumu n'kuuza mlembi awerenge mokweza. Za kuba zinathera pomwepo. Tinagwirizana zosonkha mwezi ndi mwezi, wina ndalama, wina mbale ya ufa, mpaka mnyamatayo atataya ndodo. Amayi a kumpingo anathandizapo, a banki m'khonde anatibwereketsa, ndipo tinabweza movutikira, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, zinthu zonse n'kukwera mtengo.

Nditabwereranso m'tauni ndinapita ndi mlembi komanso kope la mafunso. Tinayamba tatsimikiza kuti kampaniyo ndi yovomerezeka ndi a Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi. Tinamva kuti ilipo inshuwalansi ya ngozi ya gulu, yolemba anthu mayina, imene imalipira wina akavulala, akalumala kapena akamwalira pangozi. Tinafunsa zimene siilipira, ndipo yankho lake linali lalitali kuposa la zimene imalipira. Ndalama zolembetsa tonse tinalibe, choncho tinayamba ndi okwera njinga ndi oyendera odwala. Otsalawo tinawatsegulira thumba la ngozi, limene silibwerekedwa ngakhale pamaliro. Pamenepa panali mkangano woopsa, ndipo mpaka lero alipo amene amandiyang'ana ndi diso lofiira.

Mulungu anatichitira chifundo, mnyamata uja anachira. Amatsimphina pang'ono kukazizira, koma anabwerera pa ntchito yake yomanga, laisensi anatenga, ndipo makiyi a njinga amasunga ndi iyeyo. Sapereka kwa munthu wopanda helemeti, ndipo dzuwa likangolowa njinga imalowanso m'nyumba. Sabata yatha anandibweza ine amene, ndikufuna andiperekeze kuchigayo.

"Amayi, helemeti yachiwiri ili kuti?"

Ndinasenza chimanga changa pamutu, ulendo wapansi.