Madzi a ku London ndi ludzu la ku Zomba

Kuno ku London madzi a pampopi amatuluka usana ndi usiku, ndipo ndi abwino kumwa. Koma ali ndi khalidwe lawo, ndipo woyamba kulidziwa ndi ketulo. Ukagula yatsopano yonyezimira, pakangopita masabata ochepa pansi pake pamayamba kutuwa. Kenako pamamera chikhungwa choyera, cholimba ngati nkhoko za mumphika wa nsima, kungoti ichi sichifewa ngakhale uchiviike usiku wonse. Chikakhuthala chimayamba kusweka, ndipo tizibenthu take umatipeza pansi pa kapu pomaliza kumwa tiyi.

Gwero la zonsezi lili pansi pa nthaka. Dera lino la kummwera chakummawa kwa England lakhala pamwala wa choko, womwe uja umaoneka kuti mbee pa magomo a ku Dover. Mapiri a Chilterns nawo ndi a choko chomwecho. Mvula ikagwa imalowa m'mwalawo n'kumasungunula laimu pang'onopang'ono, kenako imatulukira mu akasupe ndi timitsinje tothira mu Thames ndi Lea, mitsinje imene mzindawu umamwa. M'madera ambiri a London, lita imodzi ya madzi imakhala ndi laimu woposa mamiligalamu 200. Madziwo akakhala ozizira suona kanthu. Ukangowatenthetsa, laimuyo amapatuka n'kukakamira pachitsulo chotentha.

Ndiye chilichonse chotenthetsa madzi m'nyumba chimavutika. Chitsulo cha m'makina ochapira chikakutidwa, kutentha kumachedwa kudutsa, magetsi amapita ambiri, ndipo tsiku lina chitsulocho chimangopsa. Boila imayamba kulira gugugu usiku. Timabowo ta shawa timatsekeka, madzi n'kumathamangira kukhoma m'malo motsikira pamutu. Amene ali ndi makina otsukira mbale amagula mchere wapadera wothira m'makinamo, woti uzifewetsa madzi. Ine ndinazolowera kuwiritsa vinega kapena madzi a mandimu m'ketulo: umamva kuti fwaa, thovu likukwera, chikhungwa chikusungunuka, fungo lowawasa litadzaza khitchini yonse. Sopo naye amachita ulesi kutulutsa thovu, thaulo likauma limati gwa, ndipo khungu limatuwa mpaka mafuta odzola amatha msanga.

Zonsezi ndi zopirika. Chimene chimandipweteka mtima ndi tiyi. Wachibale akamabwera kuchokera kumudzi ndimapempha chinthu chimodzi, masamba a ku Thyolo kapena ku Mulanje. Ukatsegula paketi, fungo lake limakhala lomwe lija la kwathu. Koma ukathira madzi a kuno, tiyiyo amada moipa, pamwamba pamayandama kachikopa kopyapyala kosweka-sweka, ndipo kamakakamira m'mbali mwa kapu. Kukoma kwake kumabwera kofooka. Masambawo ayenda ulendo wonsewo ali bwinobwino, n'kudzaonongekera m'kapu yanga. Jagi yosefera madzi imathandizako, koma sifikapo.

Ndinakulira ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Madzi athu amachokera pamwamba, ku damu la Mulunguzi, komwe nkhungu imagona pamitengo ya paini ndipo mtsinje umatsetsereka pamiyala yolimba imene sisungunuka wamba. Ndi madzi opepuka, ozizira mpaka kumano m'mwezi wa June. Pochapa, kachidutswa ka sopo kankadzaza beseni ndi thovu, ndipo posamba unkachita kudzitsukuluza kawirikawiri kuti kuterera kuthe. Ketulo ya amayi inali yakuda bii kunja chifukwa cha mbaula, chogwirira chake chomanga ndi waya, koma mkati munali mosalala ngakhale inagwira ntchito zaka zambirimbiri. Palibe amene ankaiwiritsira vinega. Ndipo panali mtsuko pakona ya khonde, wovundikira ndi mbale, chikho chili pamwamba. Ukabwera kusukulu dzuwa lili pamutu, madzi a mumtsukomo ankanunkhira dothi lowotcha, ndipo unkamwa mpaka kupuma movutikira.

Sikuti Malawi yense amamwa madzi otere. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mijigo yotulutsa madzi a mchere, ndipo anthu amailambalala kukafuna abwino kutali. Ku Britain nakonso si konse kuli choko. Manchester imamwa madzi ofewa ochokera ku Lake District, Birmingham imakoka ake ku Elan Valley ku Wales kuyambira 1904, ndipo Glasgow yakhala ikumwa a Loch Katrine kuyambira 1859. Nditakacheza kwa mnzanga wa kwathu yemwe amakhala ku Glasgow, anandifululira masamba omwe aja a ku Thyolo. Tiyiyo anatuluka wofiira bwino, wowala, wopanda kachikopa. Nditangomwako kamodzi misozi inalengeza, chifukwa kwa kanthawi ndinali pakhonde la amayi, mbatata yootcha ili m'manja. Mnzangayo sanandifunse kanthu, anangondiwonjezera wina.

Nditabwerera ndinaimbira amayi foni.

"Amayi, madzi a kuno akuononga ketulo."

"Madzi n'kuononga ketulo? Nanga m'mimba mwako muli bwanji, mwana wanga?"

Ndinawatsimikizira kuti thupi lili bwino, laimuyo savulaza munthu. Sanakhutire kwenikweni. Anati mvula yagwa yambiri chaka chino, Mulunguzi wadzaza, ndipo kumpopi madzi akutuluka mwamphamvu. Kenako anafunsa funso lawo la masiku onse, lakuti ndibwera liti. Ndinawauza kuti ndikusunga ndalama ya tikiti, ndipo ndikusungadi. Masamba a ku Thyolo otsala ndawatsekera m'chitini, ndipo ndimangowafulula Lamlungu, ndi madzi osefa, ndikamalankhula ndi amayi pafoni.