Kalata kwa Mphwanga: Za Zikuto za Magazini Zopanda Maluwa

Wokondedwa mphwanga,

Popeza wandifunsa chifukwa chimene aphunzitsi ako amatamandira zikuto za magazini akale a ku Ulaya, zimene iwe ukuti zilibe kanthu koma mizere, mabokosi ndi zilembo zonenepa, ndaona kuti nkoyenera ndikulongosolere gwero lake, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Nkhondo yaikulu ya 1914 isanabuke, chikuto cha magazini chinkavekedwa maluwa, mipesa yopotana ndi nkhope za akazi, ndipo ku Germany mabuku ochuluka ankasindikizidwa m'zilembo zakuda zokhotakhota za Fraktur. Koma amisiri ena achinyamata, ataona mitundu yodzitama ndi nzeru ikuphana, anayesa ulemerero wonsewo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nalakalaka chinenero cha maso chimene Mdatchi, Mrasha ndi Mjeremani akanachimva mofanana, monga ngati akonzenso zimene zidasokonekera pa Babele. Mzere woongoka ulibe fuko, ndipo bokosi la ngodya zinayi silikhala ndi mfumu.

M'chaka cha 1917, mumzinda wa Leiden ku Netherlands, dziko limene silinaloweko m'nkhondo, Theo van Doesburg anayambitsa magazini ya De Stijl, imene Piet Mondrian ankalembamo. Chikuto chake choyamba anachikonza Vilmos Huszár wa ku Hungary, ndipo ukachipenyetsetsa udzaona kuti chilembo chilichonse cha dzinalo chinamangidwa ndi timabokosi takuda tosakhudzana, mpata woyera uli pakati, kotero kuti diso lako ndilo limatsiriza ntchito yolumikiza. Kunena zoona, kuwerenga kwake nkovuta, ndipo pamenepo sindiwayamikira. Koma khomo analitsekula ndi iwowo. Ku Amsterdam nayenso Hendrik Wijdeveld, mkonzi wa magazini ya Wendingen kuyambira 1918, ankasanja zilembo ndi timizere tamkuwa ta m'nyumba yosindikizira, ngakhale mtima wake unali usanaleke zokongoletsa.

Ku Berlin mu 1922, El Lissitzky ndi Ilya Ehrenburg anatulutsa magazini ya Veshch m'Chirasha, m'Chijeremani ndi m'Chifalansa, ndipo chaka chotsatira Alexander Rodchenko anayamba kukonza zikuto za magazini ya LEF ku Moscow.

Koma amene anatula nzeruzi m'manja mwa anthu ogwira ntchito ndi Jan Tschichold, mwana wa mmisiri wolemba zikwangwani ku Leipzig, amene, ataona chionetsero cha sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Weimar mu 1923, anatembenuka mtima kotheratu. Mu Okutobala 1925 anakonza kope lapadera la Typographische Mitteilungen, magazini ya osindikiza enieni, aja odetsa zala ndi inki posanja zilembo zamtovu chimodzichimodzi. Chikuto chake chinali ndi mizere yofiira ndi yakuda, zilembo zazing'ono zopanda timichira, ndi malo aakulu osiyidwa oyera mwadala. Chiphunzitso chake chinali chakuti mawu ofunika aoneke poyamba, ndipo chosathandiza wowerenga chichotsedwe.

A Nazi atatenga ulamuliro mu 1933 anamtsekera Tschichold m'ndende, ndipo atamasulidwa anathawira ku Basel. Bauhaus inatsekedwa chaka chomwecho. Pambuyo pake Tschichold mwini anadzudzula kuuma kwa malamulo ake, nabwerera ku zilembo zamakedzana pokonza mabuku a Penguin ku England kuyambira 1947.

Chikuto chimene ukukonza kusukuluko unditumizire usanachipereke, ndichione. Upereke moni kwa amayi.

Ndine mkulu wako.