Madzi Oyera M'maso



Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amadziwa kukongola kwa Thyolo. Ukangopitirira pa Bvumbwe minda ya tiyi imayamba, yobiriwira chaka chonse, yosalala pamwamba ngati aimeta ndi lumo. Koma nyumba za anthu othyola tiyiyo sizioneka kumsewu. Zili kuseri kwa zitunda, kumunsi pafupi ndi makhwawa, ndipo ife amene tinakulira kumeneko timazitcha malaini. Nkhani yangayi ndi ya m'malainimo: matenda amene tinkadwala, madzi amene tinkamwa, ndi funso limodzi lokhudza ife Asilamu lomwe ndakhala nalo mumtima kwa zaka zambiri.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Thyolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Satemwa inatsegulidwa mu 1923, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Makandi ndi akalekale ndithu. Antchito ambiri oyambirira anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, omwe anapatsidwa malo okhala pa maesiteti polipira ndi thukuta lawo. Imeneyo ndiyo thangata, yomwe inathetsedwa mu 1962. Ayao nawo ankabwera kuchokera ku Chiradzulu, Zomba, Machinga ndi Mangochi kudzagwira ya tikiti, ena n'kukhazikika. Bambo anga anali m'modzi mwa iwo, ndipo pa esiteti yomwe ndinakulira Asilamu tinali mabanja owerengeka, ndi kamzikiti kathu kofoleredwa ndi udzu.

Chinthu chimodzi chomwe anthu osadziwa ntchito ya tiyi sachiganizira ndi ichi: tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Ndiyo nyengo imene esiteti imalemba anthu ochuluka, malaini n'kudzaza thothotho, chipinda chimodzi anthu asanu ndi awiri kapena kuposa. Ndiyonso nyengo ya njala, pamene nkhokwe zauma ndipo chimanga chatsopano chisanache. Ndiyonso nyengo ya udzudzu, ya zimbudzi zosefukira, ya madzi amvula okokolola chilichonse kuchokera kumtunda kutsikira nacho kukhwawa kumene amayi amatunga. Zonsezi zinkakumana mwezi umodzi, pa anthu amodzimodzi.

Chimbudzi pa laini pathu chinali chimodzi cha mabanja ambiri, ndipo chinthu cha anthu onse chimakhala chopanda mwini. Usiku palibe mwana amene ankalimba mtima kupitako. M'minda namo munalibe zimbudzi. Munthu wabereka dengu kuyambira m'bandakucha, kapitawo ali pambuyo, sikelo ikudikira. Akafuna kudzithandiza ankangonjuta pakati pa mitengo ya tiyi. M'mawa mwake anzake ankadutsa pomwepo opanda nsapato, nthaka ili chinyontho. Umu ndi m'mene njoka za m'mimba zoyamwa magazi zimayendera: mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, amaswa m'dothi lonyowa, tiana take n'kuboola khungu la kuphazi mpaka kukafika m'matumbo. Amayi ambiri m'malaini anali oyera m'maso ndi m'zikhatho, opuma mwawefuwefu pokwera chitunda, ndipo ankatchedwa aulesi. Sunali ulesi, anali magazi ochepa. Ife ana tinali ndi zathu: mphere, matekenya, chikuku, ndi likodzo kwa amene ankakonda kusambira m'madamu.

Akuluakulu ankaopa matenda awiri kuposa onse, nthomba ndi khate. Agogo anga aakazi anali ndi zipsera za nthomba nkhope yonse, ndipo ankasimba za misasa ya kutchire komwe odwala ankawasiyira chakudya patali. Ife tinapeza katemera, ndipo aliyense wa msinkhu wanga ali ndi chipsera chake pa mkono. Mu 1980 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatha padziko lapansi. Akhate ankapita ku Malamulo, ku Makwasa, komwe mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikika mu 1902 n'kuyamba kusamala akhate m'zaka za m'ma 1920. Ndimaseka ndikakumbukira kuti makolo athu, omwe ankakayikira zipatala za mishoni, ku Malamulo ankapita ndi mtima umodzi, ati kumeneko nawonso sadya nkhumba, choncho mbale zawo n'zosakayikitsa. Mu 1994 dziko la Malawi linafika pa mlingo umene WHO imati khate silikhalanso vuto lalikulu la dziko, ngakhale kuti odwala apo ndi apo akupezekabe.

Kolera ndi mlendo wa posachedwa poyerekeza ndi amenewa. Inalowa m'Malawi koyamba mu 1973. Makolo athu ankadziwa kamwazi ndi kutsekula m'mimba kwa masiku onse, koma anali asanaone nthenda yoti munthu wamphamvu wapita kuntchito m'mawa, masana wayamba kutaya madzi ooneka ngati otsukira mpunga, pofika usiku maso alowa, khungu lakwinyika, mawa lake maliro. Boma linalemba anyamata oyendayenda m'midzi kulimbana ndi nthendayi, monga linachitira kale ndi otemera nthomba, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inakula n'kukhala ya alangizi a zaumoyo amene tikuwaona lero pa njinga zawo.

Tsono funso langa lija ndi ili. Ife Asilamu a m'malaini tinali anthu a madzi. Bambo anga sankalowa m'chimbudzi opanda ketulo m'manja. Tinkapanga udhu pa Swala iliyonse, tinkasamba Lachisanu, mayi anga ankachapa nsalu ikangokhudzidwa ndi najisi ya mwana. Anansi athu ankatinena kuti timatha madzi. Nanga bwanji matenda otsekula m'mimba akabwera sankalambalala makomo athu? Bwanji ana athu ankagona pa mphasa chimodzimodzi ndi ana a anthu amene sankadziwa n'komwe mawu akuti twahara?

Yankho lake lili m'madzi enieniwo. Ku madrasa tinaphunzira, malinga ndi madhhab ya Imam Shafi, kuti madzi ochuluka kufika makulla awiri, omwe ndi pafupifupi diramu imodzi ya malita 200, sasanduka najisi pokhapokha atasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe. Lamulo limeneli n'loona, ndipo likuyankha funso lakuti kodi udhu wanga watheka ndi Swala yanga yalandirika. Koma silikuyankha funso lina lakuti kodi madziwa ndingawaike m'kamwa osadwala. Kachilombo ka kolera sikasintha mtundu wa madzi, sikanunkha, sikawawa. Madzi a pakhwawa pathu akadikha ankaoneka mbee, mchenga wa pansi n'kumaoneka, koma kumtunda kwake kunali malaini ena, zimbudzi zina ndi amayi ena ochapa matewera. Ndipo taganizani m'mene udhu umayendera: timatsuka m'kamwa katatu, timakokera madzi m'mphuno katatu, kasanu pa tsiku. Msilamu wolimbikira Swala ankaika madzi a pakhwawapo m'kamwa kawirikawiri kuposa wina aliyense pa laini.

Izi si za ku Thyolo kokha. Mu 1854 ku London kunagwa kolera yoopsa, ndipo dokotala wina dzina lake John Snow anatsata nyumba za omwalira n'kupeza kuti ambiri ankamwa pa mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Madzi a pa mjigowo anthu ankawatama kukoma, moti mayi wina wokhala kutali ankachita kutumiza anthu kukamutungira, nayenso anafa ndi nthenda yomweyo. Diso ndi lilime sizikwanira kuyesa madzi.

Chipembedzo chathu sichinatisiye m'chimbulimbuli pa nkhani imeneyi, kungoti ife tinagwira mbali imodzi mwamphamvu n'kulekerera inzake. Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kukodza m'madzi osayenda, analetsanso kudzithandiza panjira, pamthunzi pomwe anthu amapumulira, ndi pamalo otungapo madzi. Malamulo amenewa sakunena za thupi la munthu m'modzi, akunena za mudzi. Koma wantchito wa m'malaini analibe ulamuliro pa mudzi. Nyumba sinali yake, malo okumbapo chimbudzi sanali ake, khwawa silinali lake. Chomwe chinali m'manja mwake ndi ketulo yake basi. Nchifukwa chake sindiwada makolo athu. Anasunga ukhondo umene akanatha kuusunga.

Pali chimodzi komabe chomwe chinali m'manja mwathu, ndicho beseni losambira m'manja. Pa ukwati, pa maliro, pa sadaka, pa futari ya mwezi wa Ramadhan, beseni limodzi linkayenda kuyambira kwa shehe ndi akuluakulu mpaka kwa ife ana kumapeto, madzi ali bii. Kukana kusamba m'menemo kunali mwano. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo popanga udhu ankathira madzi kuchokera m'ketulo, oyenda, osabwezera m'chiwiya, koma pa chakudya ankabwerera ku beseni. Alangizi a zaumoyo atayamba kuphunzitsa zothirirana madzi ndi jagi, shehe wathu anangoti palibe chachilendo apa, n'zimene timachita kale pa Swala. Mawu amenewo anagwira ntchito kuposa zithunzi zonse zimene alangiziwo anapachika pa mtengo.

Pang'ono ndi pang'ono zinthu zinasintha. Mijigo inakumbidwa, mipopi inafika m'malaini ena, zimbudzi za simenti zokhala ndi chivundikiro zinachuluka, amayi anaphunzira kusungunula Thanzi mwana akangoyamba kutsekula, pakhomo panaoneka thandala la mbale ndi mpondagiya. Edzi itafika inakolola anthu m'maesiteti mosasankha, mpaka pamene madokotala a MSF, omwe anabwera ku Thyolo mu 1997, anayamba kupereka ma ARV pamodzi ndi boma mu 2003. Imeneyo ndi nkhani yofuna tsamba lakelake.

Koma madzi saiwala khwawa. Mu Marichi 2022 kolera inabuka ku Machinga pambuyo pa namondwe Ana, inafalikira maboma onse, ndipo pofika mu 2023 inali itapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi zimbudzi ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, zitsime n'kudzaza matope.

M'dzinja limenelo tinataya m'bale wathu wa pa mzikiti, bambo wa ana anayi, yemwe anamwalirira ku msasa wa odwala kolera. Apa ndi pamene funso la madzi linatifika pakhosi. Thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tochuluka, ndipo malo ambiri mu Africa maliro ndiwo afalitsa nthendayi, makamaka ngati osambitsa mtembo kapena ochapa zofunda zake akhudzanso chakudya cha anamalira. Azaumoyo ankafuna kuti thupi lisakhudzidwe. Achibale ankati m'bale wawo sangapite kumanda ngati galu, wosasambitsidwa. Mkulu wake wa malemuyo anaima pakhomo misozi ili mbwembwembwe, akuti, "Shehe, mukalola zimenezi ndidzamuyankha chiyani mng'ono wanga pa tsiku la Kiyama?"

Shehe anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Achimwene, khalani pansi. Mng'ono wanu asambitsidwa, koma osati ndi gulu." Anakumbutsa anthu za Khalifa Umar (RA), amene ali pa ulendo wa ku Sham anabwerera panjira atamva kuti kutsogolo kuli mliri, ndipo palibe anamuyesa wopanda chikhulupiriro. Kenaka anakambirana ndi mlangizi wa zaumoyo kwa nthawi ndithu. Mapeto ake amuna awiri okha ndiwo analowa, atavala magolovesi ndi zophimba, mlangizi ali pomwepo. Madzi anali othira klorini, anathiridwa pa thupi mosakhula, ndipo otsalawo anakatayidwa m'dzenje lokumbidwa mwapadera. Anamuveka sanda, tinamuswalira Janaza titaima m'mizere monga mwa nthawi zonse, tinakamuika tsiku lomwelo. Pa siwa sipanaphikidwe kanthu, ndipo sitinagwirane chanza. Zoti sadaka ya pambuyo pa maliro ndi yoyenera kapena ayi ndikuwasiyira mashehe, amene akhala akukambirana nkhaniyi kuyambira ine ndili mwana. Chomwe ndikudziwa n'chakuti anthu ena anachoka akung'ung'udza kuti maliro opanda nsima si maliro, ndipo pa nyumba imeneyo sipanatulukenso mtembo wachiwiri, Alhamdulillah.

Mlungu wotsatira komiti ya mzikiti inakhala pansi pa nkhani ya diramu ya udhu. Diramu imeneyi inkakhala pakhomo la mzikiti yosavundikira, ana a madrasa ndiwo ankaidzaza, ndipo aliyense ankaviikamo kapu imodzi yomweyo, ena akuchokera kuchimbudzi. Tinasonkha ndalama, tinagula ndowa ziwiri zokhala ndi mpopi pansi ndi chivundikiro pamwamba, ndipo muadhini anapatsidwa udindo wothira klorini m'mawa uliwonse asanaitane Swala ya Fajr. Chimbudzi cha mzikiti chinali pamtunda pa chitsime, choncho tinachikwirira n'kukumba china kumunsi. Mkulu wina anadandaula kuti madzi a klorini akununkha mankhwala, kodi fungo limenelo silikuononga udhu? Shehe anayankha kuti klorini si najisi, ndipo kadontho kake sikachotsa dzina la madzi. Mkuluyo mpaka lero amabwera ndi ketulo yake kuchokera kunyumba, ya madzi owiritsa.