Futari ya pa Bembeke

Mu Ramadan ya 2023 tinkachokera ku Ntcheu ndi ana anayi a kumadrasa, ndipo minibasi inatifera pafupi ndi Bembeke. Nkhungu ya ku Dedza mukuidziwa. Dzuwa silinkaoneka, foni inali itatha moto, ndipo kamnyamata kena, komwe kanali kusala koyamba, milomo inali itauma gwa. Kumasula msanga tinkaopa, tingaononge swaumu ya tsiku lonse.

Mayi ena ogulitsa kachewere, korona ili m'khosi, anatiyang'ana kwa kanthawi.

"A Shehe, dikirani belu la kutchalitchi kwathu. Likamalira 6 koloko, dzuwa limakhala litalowa kale."

Tinadikira, koma mumtima tikukayika: Msilamu kumasula ndi belu? Litalira, anabwera ndi madzi m'chigubu ndi mbatata yowiritsa. Tisanatsegule n'komwe pakamwa, anati, "Musaope, m'poto umu simunalowepo nkhumba." Tinachita manyazi, pakuti funsolo linalidi pamlomo.

Tinati Bismillah, ana nadya. Ndalama anakana. Anangopempha kuti tikaswali Magharibi tiwatchuleko amuna awo, omwe anali gone kuchipatala. Dzina la bambowo tikulitchulabe mu dua mpaka lero, osadziwa ngati anachira.