Benchi Losazizira la ku Highfield

Senderani kuno adzukulu anga, ndikuuzeni za chaka cha 1980. Nthawi imeneyo ndinali mtchona, mwana wa ku Dedza, ndikugwira ukhukhi kwa mzungu ku Avondale mumzinda wa Salisbury, womwe lero mukuti Harare. M'mamawa ndikamapalasa njinga kuchokera ku Highfield, ndinkadutsa pasukulu ya ana a azungu, kapinga ali biriwiri ngati dimba, dziwe losambiramo lili mbee, fungo la udzu wongotchetcha kumene likundilonjera. Lamulo la 1979 lidati sukulu zotero ndi gulu A, zathu za kulokeshoni gulu B. Msonkho tinkakhoma tonse, koma pogawa, mwana wa mzungu ankamuomolera chipande chodzaza, wathu nkumusiyira zokokota mumphika.

Ufulu utabwera pa 18 Epulo, boma latsopano lidalengeza kuti pulaimale njaulere, nduna ya maphunziro ili a Dzingai Mutumbuka. Ha! Ana adatuluka ngati inswa pa mvula yoyamba, ena ndevu zitamera kale, poti nkhondo yomenyera ufulu idawadyera zaka. Mu 1979 a pulaimale sankakwana miliyoni imodzi, koma pofika 1985 adapitirira mamiliyoni awiri. Zipinda zidachepa, ndiye ankalowa mosinthana, ati hot seating, chifukwa benchi silinkazizira. Azakhali anu ankalowa m'mawa, bambo anu masana, ndipo akakumana pageti ankapatsirana pensulo imodzi yomweyo, yoduka pakati, pamodzi ndi chibenthu cha mbatata yootcha chokulunga papepala.

Aphunzitsi nawo adaperewera, mpaka ena ankaphunzira ntchito choko ali nacho kale m'manja, pansi pa ndondomeko ya ZINTEC. Kumidzi boma linkalipira aphunzitsi, koma makoma anali a makolo. Agogo anu aakazi adapita kwawo ku Murehwa chilimwe chathunthu kukaumba njerwa za sekondale, kuponda dothi ndi mapazi, kutunga madzi tambala asanalire, kuchezera pang'anjo usiku wonse nkhuni zikuthetheka.

Dziwe lija lidakhalabe ku Avondale, adzukulu anga, poti makolo a kumeneko anali ndi matumba akuya osonkhera sukulu yawo, ndipo itabwera ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP fizi idabwereranso m'matauni. Zimenezo zidandiwawa ndithu. Koma agogo anuwo adabwerako ku Murehwa kuja zikhatho zitachita zikang'a, akuseka, chikombole chili pamutu. Ndi chomwe chija mumakhalira pakhondepo mukamasenda mtedza.