Ligi Imene Tinkasewera Pakamwa ku Kachulu

Mvula ikamapita kumapeto kumudzi, ine kuno ku Johannesburg mtima sukhala m'malo. Ndi nyengo imene matimu a mu Super League amakhala akusaka osewera atsopano, kusintha makochi ndi kupimana mphamvu, ndipo aliyense wokonda mpira amasanduka mlosi. Anzanga a kuntchito amakangana za Kaizer Chiefs, Orlando Pirates ndi Mamelodi Sundowns, ine n'kumangovomereza ndi mutu, maganizo ali padoko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, pomwe ndinaphunzirira kulosera ligi isanayambe.

Kumeneko dzuwa likapendeka, mabwato a ku Chisi atakocheza, amayi akuwamba milamba ndi kulongedza matemba, abambo ankakhala pansi kusoka makoka, wailesi ili pakati. Ambiri a ife tinali tisanapondeko pa Kamuzu Stadium. Mpira tinkauonera m'makutu, kudzera m'mawu a Steve Liwewe Banda pa MBC. Timu yaikulu imene ena anaionapo ndi maso inali Red Lions ya ku Cobbe Barracks, atapalasa njinga mpaka ku Zomba. Komabe panalibe wosowa chonena. A Maule, otsatira Bullets, ankati chikho n'chawo ngakhale mpira usanagundidwe. A Manoma, otsatira Wanderers, ankayankha kuti chaka chino neba alira. A Silver, ochepa chabe, ankangoti tikumana kumapeto.

Za ligi yobwerayo zikatha m'kamwa, akuluakulu ankatsegula ligi ina, ya matimu omwe sanakumanepo chifukwa anakhalako m'nyengo zosiyana. Mkulu wina, amene ankagona milungu yambiri m'zimbowera pakati pa njedza, ndiye ankakonza ndandanda wake. Ankatchula osewera khumi ndi mmodzi mbali iyi, khumi ndi mmodzi mbali inayo, kenako n'kuyamba kuulutsa masewero ngati ali pawailesi, ife tikukuwa chigoli chikalowa. Wotsutsa ankayenera kupereka chifukwa: ndani angamutseke Kinnah Phiri, nanga ndani angamudutse Jack Chamangwana? Mbiri ya mpira wa dziko lathu ndinaiphunzira pamenepo. Ndi pomwe ndinamva kuti Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, n'kudzachitenganso mu 1988, komanso kuti Super League inayamba mu 1986 ndipo Bata Bullets ndiyo inayamba kuipambana.

Kuno anyamata amachita zofanana ndi zimenezo pa PlayStation ndi pakompyuta. Makina amaseweretsa akatswiri akale a ku Ulaya ndi ku Brazil, n'kutulutsa zigoli ndi mapointi mwadongosolo. Ndakhalapo nawo usiku wonse, koma m'makinamo sindinapezemo Lawrence Waya, Young Chimodzi kapena Boniface Maganga. Ndipo makina sakutsutsa, sakuseka, sakugawirako nsima ya makumba mkangano ukatha.

Choncho ndiloleni, abale anga a ku Kachulu, ndilosere ndili kuno, monga tinkachitira. Ligi yathu ija itayambika lero, malo oyamba ndikupereka kwa Bakili Bullets ya 2004, ya Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi Swadick Sanudi pagolo. Inatulutsa Orlando Pirates n'kufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, komwe inakumana ndi Enyimba, Etoile du Sahel ndi Africa Sports. Anzanga a Pirates ndikawakumbutsa zimenezi amasintha nkhani. Malo achiwiri ndi a Bata Bullets ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Vuto lilipo ndi limodzi: Kinnah Phiri, womwetsa zigoli wa timuyi, ndiyenso anali kochi wa ija ya 2004, ndiye tsiku lokumana okhaokha adzayenera kusankha pakati pa jezi ndi benchi. Wanderers ya Chamangwana ndikuiika pachitatu chifukwa cha kulimba kwake kumbuyo, ndipo ndikudziwa kuti a Manoma sandipatsa moni. Yachinayi ndi Bullets ya Kalisto Pasuwa, imene mu 2023 inasesa zikho zinayi m'chaka chimodzi, ligi ikuitenga kachisanu motsatizana. Silver Strikers imene inalamulira ligi katatu motsatizana mpaka 2013 ikubwera pachisanu.

Koma Kamuzu Barracks ya 2016 musaiderere. Chaka chimenecho isanayambe ligi, ndani padoko anaitchula? Asilikaliwo anatenga chikho alosi onse ali kukamwa yasa. Ifetu a ku Chilwa zotere tiyenera kuzimvetsa kuposa wina aliyense, pakuti ligi ili ngati nyanja yathu: inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, mu 2018 mabwato anatsala pamatope ong'aluka, koma madzi atabwerera matemba anabwereranso. Msodzi amaponya khoka asakudziwa chimene akoke, ndipo mlosi wa mpira amene walephera chaka chino amabweranso chaka chamawa ndi mawu amphamvu kuposa kale.

Chimene chimandidya mtima n'chakuti akuluakulu osunga ligi imeneyi m'mutu akutha. Chamangwana anatisiya mu 2018, ndipo ambiri omwe ankamva za iye pawailesi padoko paja nawonso anagona. Masewero a nthawi imeneyo ambiri sanajambulidwe, ndiye munthu mmodzi akapita, amapita ndi timu yathunthu. Ana athu obadwira kuno amadziwa Gabadinho Mhango chifukwa anasewerera Pirates ndiponso chifukwa cha chigoli chija anamwetsa Morocco, koma za omwe analambula njira sazidziwa.

Inu achinyamata a ku Kachulu, ligi isanayambe chaka chino khalani pansi ndi agogo anu. Afunseni za matimu akale, jambulani mawu awo pafoni, mutitumizire pa WhatsApp ife tili kutali. Ndipo amene sakugwirizana ndi ndandanda wangawu alembe wake, apereke zifukwa, tikangane monga mwa kwathu.