Usiku umene ndinapsereza pini

Ife ophunzira zamakompyuta tinazolowera kuti ukalakwitsa pulogalamu umangofufuta n'kulembanso, palibe chimapsa. Maganizo amenewa ndi amene ndinapita nawo pa Raspberry Pi yomwe tinasonkherana anthu anayi kuti tipangire pulojekiti yoyeza madzi m'thanki.

Kakompyuta kameneka kali ndi mapini 40, ena otulutsa magetsi, ena olandira kapena kutumiza uthenga. Ndinayamba ndi chophweka, kuyatsa kababu ka LED. Ndinalumikiza waya pa pini 11, mu Python n'kulembanso 11. Kababu kali zii. Ndinasintha mawaya, ndinatukwana wogulitsa mumtima, mpaka tambala woyamba. Kani mapiniwa amawerengedwa m'njira ziwiri. BOARD imawerenga malo amene pini ili, pomwe BCM imatsatira manambala a chipu cha Broadcom. Pini 11 pa BOARD ndi GPIO17, ndipo GPIO11 imene pulogalamu yanga inkaitana ili pa pini 23. Usiku wonse ndinkagogoda pakhomo la eni.

Kababu katayaka ndinadziona katswiri. Ndinatenga sensa ya HC-SR04, imene imayeza mtunda potumiza phokoso n'kudikira kuti libwerere, ndipo ndinailumikiza mmene ndinaonera pa Arduino Uno. Koma Uno imagwira ntchito pa mavoti 5, pomwe mapini a Pi amapirira 3.3 basi. Waya wa Echo umatulutsa 5. Panalibe utsi kapena fungo. Piniyo inangosiya kumva.

Marezista awiri, wa 1k ndi wa 2k, akanatsitsa mphamvuyo kufika pa 3.3. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa chipisi cha pachiwaya.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati zamagetsi n'za a injiniya, ife zathu ndi code. Ngati ukufuna kuti pulogalamu yako iyatse pampu kapena itseke mpope, uyenera kudziwa kugwira multimeter usanalembe mzere woyamba. Kunja mwina bolodi ikapsa amangoitanitsa ina mawa lake. Kuno ndi ndalama ya upkeep ya anthu anayi, ndi masabata odikira katundu.

M'mawa ndinawauza anzanga zoona. Mmodzi sanandilankhule masiku awiri. Mwamwayi mapini ena anapulumuka, choncho tinasamutsira Echo pa GPIO24, marezista ali pakati. Pini yakufayo tinaimata ndi kaselotepi kofiira, ndipo mpaka lero amaitchula dzina langa.